Tsamba Limene Abiti Sumani Anakana Kutsegula

Tsiku limene anamwalira Abiti Sumani kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kuja kwa mvula isanagwe kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mphepo kunalibe. Nyenje zinkalira mosapumira m'mitengo ya mango kuseri kwa msika wa Nsanama, ndipo dzuwa litakwera pang'ono sitima ya katundu inadutsa kulowera ku Nayuchi, n'kuliza kawiri. Ndinali kukonza tcheni cha njinga pamene anzanga a Makwinja anaima pamsewu ndi njinga yawo, phazi limodzi pansi, n'kundiuza kuti mayi aja atisiya m'bandakucha. Asilamu sagoneka maliro. Itangotha swala ya masana amuna anayamba kulandirana jeneza paphewa, nanenso ndinalandirako ngakhale ndine Mkatolika, ndipo palibe amene anandiletsa.

Ndinkayenda m'fumbi lija ndikudzifunsa kuti ndikuperekeza mnzanga kapena munthu amene anandilakwira. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyo mwake, mayi amenewa anakana kunditsegulira tsamba limodzi la m'kompyuta, ndipo chifukwa cha kukanako ndinachoka pamudzi pamene ndinakhala zaka zoposa makumi awiri. Papita chaka tsopano chiwaikireni m'manda. Ndikulemba kuti ndione ngati ndingamvetse kuti anali munthu wotani.

Anabadwira kwa Chikweo. Kuwerenga anaphunzira ali kale ndi ana atatu, kusukulu ya kwacha, ndipo anagwirapo ntchito yokolopa m'mawodi pachipatala china ku Balaka. Ankati wokolopa amamva zambiri kuposa dokotala, chifukwa anthu amalankhula pamaso pake ngati akulankhula pamaso pa ndowa. Atabwerera kuno, ndi iwo anatisonkhanitsa, Akhristu ndi Asilamu, kuti tiyambitse bungwe losamalira odwala kumudzi. Kumabwera a chifuwa chachikulu, a khansa, a khunyu, omwa ma ARV, ngakhalenso amayi omenyedwa m'nyumba amene amangofuna wowamvera. Aliyense amakhala ndi tsamba lake: akudwala chiyani, akumwa chiyani, wanena zotani. Olemba masambawo anali Abiti Sumani. Ine ndinali wa m'komiti chabe. Mayina a odwala sindinkawaona.

Amene anawapeza akugwira ntchito m'zaka zawo zomaliza sangaiwale. Ankakhala msana uli kukhoma, laputopu itafulatira chitseko, ndipo ankalemba ndi chala chimodzi chokha, cha mkombaphala, ngati nkhuku yotola chimanga. Mawu awo achinsinsi otsegulira anali chiganizo chachitali cha Chiyao chimene palibe anachimvapo. Vuto linali lakuti akamalemba, milomo inkayenda yokha. Atadzizindikira anayamba kudziphimba pakamwa ndi nsonga ya mpango, dzanja limodzi pampango, chala cha dzanja linalo pamabatani. Kenako kafoni kawo kakang'ono, kamene ankakasunga m'kathumba kolendewera m'khosi, kankalira ndi manambala otsimikizira kuti wolowayo ndi iwodi. Zonsezi zinkatenga nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa cha banja lonse. Wina akadandaula, ankamuuza kuti chitseko chotseguka msanga n'cha kuchimbudzi.

Laputopu ija inabwera chifukwa cha madzi. Chaka china mvula inagwa masiku anayi osakata, khoma la ofesi yathu linagwa, ndipo mabuku a zaka zambiri anasanduka phala. Anamwino akafunsa kuti wodwala uyu anayamba liti mankhwala, tinkangoyang'anana. Anthu amene ankatithandiza anatitumizira Mayi Nankhoma a ku Balaka, katswiri wa makompyuta, mayi wodekha wovala magalasi. Anabwera ndi laputopu, sola ndi nkhani yakuti masamba tiziwasunga kumtambo. Komiti yonse inakondwa kupatula munthu mmodzi.

"Kumtambo kwake kuti?" anafunsa Abiti Sumani.

"Ndi dzina chabe, amayi. Amati kilaudi. Ndi makompyuta akuluakulu amene ali kutali, m'nyumba za eni ake. Ife timangobwereka malo, ndipo madzi a kuno sangafikeko."

"Eni akewo ndi a kwa yani?"

"Maso ndi maso sitiwadziwa."

"Ndiye ndipereke matenda a anthu a kwa Nsanama kwa munthu amene sindinamwepo naye madzi? Ngwamba."

Liwu limenelo, iyayi wa Chiyao, linali ngati dzina lawo lachiwiri. Mayi Nankhoma sanakwiye. Anakoka mpando n'kufotokoza kuti zolembedwa zisanachoke m'laputopu, makina amazipotokola kukhala zilembo zopanda mutu. Zimayenda choncho panjira, zimakhala choncho kumene zasungidwa. Wozibweza kuti ziwerengeke ndi yekhayo amene ali ndi kiyi, ndipo kiyiyo sapita nawo kutaliko, amatsala kuno. Eni makompyuta aja amasunga thumba limene sangathe kulimasula.

Abiti Sumani anati aone ndi maso zimene eni akewo amaona. Analamula kuti palembedwe dzina lakuti Ali. Panatuluka mzere wa zilembo ndi manambala osokonekera. Anati lilembedwenso, ndipo panatuluka mzere wina wosafanana ndi woyamba. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, mphuno pafupi ndi galasi.

"Nanga munthu wonenepa amatuluka ndi zilembo zonenepa?"

Tonse tinaseka. Iwo sanaseke, ndipo Mayi Nankhoma ataona nkhope yawo anayankha mwaulemu kuti iyayi, wonenepa ndi woonda, mfumu ndi wakabaza, onse amatuluka mosazindikirika.

Chimene anafunsira choncho ndinachidziwa pambuyo pake, kwa a Makwinja, mphunzitsi wopuma amene anali wapampando wathu. Kale, m'nthawi ya mabuku, Abiti Sumani anali ndi chining'a chawochawo. Wodwala aliyense ankam'lemba ndi dzina la mtengo: Mbawa, Msuku, Mthethe, Mpoza. Ankanyadira nzeru imeneyo. Koma posankha mitengo ankatsata maonekedwe a munthu mosadziwa, ndipo mkulu wina wogula thonje ku Ngokwe, wamfupi ndi wamimba yotakata, anam'lemba kuti Mlambe. Tsiku lina buku linatsala pabenchi. Mayi wina wodikira anasuzumira, anaona Mlambe wa ku Ngokwe ndi mankhwala amene akumwa, ndipo sabata isanathe ana ankam'kuwiza mkuluyo pamsewu ndi dzina la mtengowo. Anasiya kubwera. Anasiya mankhwala. Mvula yotsatira sanaione. A Makwinja ankati kuyambira pamenepo Abiti Sumani sankadya malambe, ndipo ankanena kuti chining'a chopangidwa ndi munthu chimakhala ndi nkhope ya amene akubisidwayo.

Funso lawo lomaliza kwa Mayi Nankhoma tsiku lija linali la imfa. Ankafuna kudziwa kuti iwo akafa ndi mawu awo achinsinsi m'mutu, zidzatha bwanji. Mayi Nankhoma ananena mosabisa kuti kiyi akatayika zonse zatayika, ngakhale iwo amene anakonza sangatsegule. Ine ndinachita mantha nditamva zimenezo. Abiti Sumani nkhope inawala. Anati apo ndiye akumva zoona, chifukwa loko amene mmisiri wake angathe kum'tsegula usiku si loko.

Anagwirizana chonchi. Masamba a odwala amoyo Abiti Sumani ankatsegula okha pogwira ntchito. Otithandiza akutali ankaona chiwerengero cha anthu basi, popanda dzina. Tsamba lililonse linali ndi kakiyi kakekake, ndipo tonse timakiyito tinkatsekeredwa ndi kiyi wamkulu amene anagawidwa patatu: mbali ina kwa Abiti Sumani, ina kwa a Makwinja, ina kwa ine. Wodwala akamwalira tsamba lake linkatsekeka, ndipo kuti litsegukenso pankafunika awiri mwa atatufe. Abiti Sumani anawonjezera lamulo limodzi lawolawo, limene tonse tinalivomera pokweza manja. Aliyense wolembetsa azifunsidwa tsiku loyamba kuti akadzamwalira, tsamba lake adzawerenge ndani.

Ankakangana ndi anthu ambiri, ndipo sankasankha. Abusa ena anapempha mayina a odwala kuti aziwapempherera mmodzimmodzi. Anawayankha kuti Mulungu mayinawo ali nawo kale, iwo angopemphera. Shehe wa mzikiti wawo womwe atapempha zofanana, yankho linali lomwelo, koma m'Chiyao. Bwana wina wochokera kutauni anafuna kuti am'jambulire mndandanda ndi foni kuti asachedwe ulendo. Anam'funsa kuti foni yakeyo ana ake saseweretsa, ndipo bwanayo atazengereza kuyankha anam'patsa madzi akumwa n'kum'perekeza kugalimoto. Mkangano waukulu unali ndi a Makwinja. Iwo poopa kuiwala analemba mbali yawo ya kiyi kuseri kwa kalendala ya pabalaza pawo. Abiti Sumani atapita kukazonda mkazi wawo, anatembenuza kalendala ija ngati munthu wodziwa kale. Sananene kanthu pamaso pa wodwala. Mawa lake anaitanitsa Mayi Nankhoma kuchokera ku Balaka kuti makiyi onse asinthidwe, ndipo kwa chaka chathunthu ankawatchula a Makwinja kuti Che Kalendala, ngakhale pamsonkhano.

Nthawi imeneyo ndinkaseka nawo. Kukana kwawo kunkandisangalatsa, chifukwa kunali kusanafike pakhomo panga.

Mkazi wanga Esinati anamwalira m'dzinja atadwala miyezi inayi. Ankatsokomola, ankaonda, ndipo kuchipatala ankakonda kulowa yekha. Ndinkakhala kwawo, chikamwini, m'mudzi wina panjira ya kwa Chikweo. Zaka za m'mbuyo ndinkachita malonda a nsomba zouma za ku Chiuta, ndipo ndinkatha milungu ndili kunyanja. Maliro asanathe n'komwe mawu anayamba kuyenda akuti matenda ndinabwera nawo ndine kuchokera kumadooko. Atsibweni ake a Esinati, a Likhutcha, amene anali mwini mbumba, anaika Loweruka lakuti abale akhale pansi andisudzule. Mkamwini amene wakhala bwino amauzidwa kuti khalani mulere ana. Amene wapha mwana wa eni mudzi amam'patsa khasu lake.

Posanja zovala za malemu ndinapeza m'chikwama mwake kakhadi ka bungwe lathu. Panalibe dzina, nambala yokha. Ndinakazindikira chifukwa makhadi amenewo ndinkakawatenga ndine kosindikiza. Masiku onse amene ankati akukagulitsa chinangwa ku Nsanama, ankadutsiranso pa ofesi imene ine ndinali wa m'komiti yake.

Lachitatu masana ndinapalasa njinga m'matope. Ndinawapeza Abiti Sumani okha, akupukuta galasi la laputopu ndi nsalu.

"Che Fabiano, lowani. Pepani ndi zovuta zija. Mwadya?"

"Ndabwera ndi mbali yanga ya kiyi, amayi."

Ndinaika khadi patebulo. Analiyang'ana, n'kulitembenuza chafufumimba.

"Ndi khadi lathu."

"Ndalipeza m'chikwama cha mayi a Tereza. Loweruka abale ake akukhala pansi. Akuti ndinawapha ndine. Ngati tsambalo likunena kuti inali khansa kapena chifuwa, ndipulumuka, ndikhala ndi ana anga."

"Nanga likanena zina?"

"Ndine mwamuna wawo."

"Ankadziwa kuti ndinu mwamuna wawo pamene ankabwera kuno okha."

Mawu amenewo anandilasa, koma ndinapirira. Ndinafunsa kuti munthu akafa, chinsinsi chake chimakhalanso cha yani.

"Cha yemweyo. Wamoyo angathe kusintha maganizo mawa. Wakufa sangathe, ndiye timagwira mawu amene anasiya. Funso lija timafunsa aliyense mukulidziwa. Munakweza nawo dzanja."

"Ndiye anati asawerenge aliyense? Ngakhale ine?"

Anatolanso nsalu yawo n'kupitiriza kupukuta galasi. Pamenepo ndinachita chimene sindinachitepo pamaso pa munthu kupatula wansembe. Ndinagwada pasimenti yonyowa, ine bambo wa imvi, n'kuwauza kuti nyumba ija njerwa zake ndinaumba ndekha, kuti mwana wanga wamng'ono ali Sitandade 6, kuti sindikupempha tsamba lonse koma mzere umodzi. Iwo anayang'ana kukhoma. Ndinaona nsagwada zawo zikugwedera, ndipo ndinayesa kuti ndi ukali.

"Dzukani, Che Fabiano, mukundichimwitsa. Magazi anu ndi anu. Kayezetseni, mukaonetse amene mukufuna. Izi ndi za Esinati. Ngwamba."

Ndinakayezetsa tsiku lotsatira, ndipo anandipeza ndilibe kachilombo. Loweruka ndinakhala pamphasa pansi pa mtengo, pepala lili m'thumba la malaya. Ndinkadikira mpata wolitulutsa. Koma ndikuyang'ana nkhope za abale aja ndinazindikira kuti iwo matendawo anali atawatchula kale m'mitima mwawo, ndipo chotsala chinali kupeza amene anawabweretsa. Ndikanaonetsa pepala, chala chikanachoka pa ine n'kuloza kumanda, ana ake ali pomwepo. Pepala linakhala m'thumba. Chiyembekezo changa chinatsala pa Abiti Sumani, amene a Likhutcha anawaitanitsa atamva za khadi lija. Anabwera pa kabaza, n'kukhala pakati pa amayi, miyendo itatambasulidwa.

"Mayi, tamva kuti mwana wathu ankabwera kwanu," anatero a Likhutcha. "Ankadwala chiyani?"

"Kwathu kumabwera anthu ambiri, bambo. Ena amangodzapempha madzi akumwa."

"Tikufunsa za Esinati."

"Ndamva."

"Ife ndi eni ake a munthu. Ine ndi amene ndinam'pereka kubanja."

"Inunso mukadzabwera kwathu, a Likhutcha, adzukulu anu adzandifunsa chomwechi, ndipo ndidzawayankha chomwechi."

Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira. A Likhutcha anakukuta mano, ndipo mkwiyo umene sakanatha kuuthira pa mayi wachikulire wa mudzi wina unagwera pa ine. Anandipatsa khasu, mphasa ndi njinga yanga. Ana anatsala ndi mbumba yawo, ndipo ndinauzidwa kuti ndikafuna kuwaona ndizidzera kwa atsibweni. Pochoka ndinadutsa pafupi ndi Abiti Sumani. Liwu limodzi lochokera pakamwa pawo, loona kapena labodza, likanandisiya pakhomo panga. Ankatola timiyala pansi n'kumatiponya chapafupi.

Ndinapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika wa Nsanama. M'komiti sindinatuluke, chifukwa ndinalonjeza kumpingo, koma kwa zaka ziwiri sindinawalankhule. Iwo sanasinthe. Msonkhano uliwonse ankandipatsa moni wa Chiyao ngati kale, ndipo ine ndinkangogwedeza mutu. Sanapepese, sanadzifotokoze, sanatume munthu. Nthawi ya masika ndinkapeza pakhomo panga kathumba ka nandolo popanda wonena kuti wasiya ndani, ndipo ndinkapatsa anansi. Chaka chachitatu ndinayamba kuyankha moni. Nandolo ndinayamba kudya. Koma m'pemphero la Atate Athu, pofika pa mawu a kukhululukira, nkhope yawo inkabwera, ndipo ndinkadutsapo mothamanga.

Chinthu chimodzi ndinachiona ndi maso anga. Itamveka nkhani ya Loweruka lija, olembetsa anachuluka, mpaka tinakhoma benchi yachiwiri. Anthu ankauzana kuti mayi aja anakana ngakhale pamaso pa mwini mbumba. Ena ankachokera kudera komwe ndinachotsedwako. Kuti anali ndani sindidziwa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndinkadziwa kuti mabenchi amenewo adzaza pamsana panga, ndipo kudziwako sikunanditonthoze.

Chimene chinkandizunguza kwambiri sichinali nyumba. Linali tsamba lija. Ndinkadzuka nalo, ndinkapalasa nalo njinga. Mwina Esinati ankabisa chotupa poopa kundidetsa nkhawa. Mwina panali munthu wina. Mwina ku ofesiko sanapite ndi matenda n'komwe, anapita kukadandaula za ine, za milungu ija ndinkakhala kunyanja, kapena za kusalankhula kwanga kumene anthu amakutcha kufatsa. Wansembe amasunga za m'chipinda cholapira chifukwa analumbira pamaso pa bishopu. Mayi awa sanalumbire kwa aliyense, ndipo ndinkafunitsitsa kudziwa chimene chinkawagwira.

Itatha sadaka ya masiku makumi anayi a maliro awo, Mayi Nankhoma anatumiza uthenga kuti abwera Lachisanu kudzasintha makiyi ndi kupereka mbali ya malemu kwa amene komiti yasankha. Lachinayi m'mawa ine ndi a Makwinja tinali mu ofesi kusesa. Ndinaima ndi tsache m'manja ndipo ndinawerenga: atatu kuchotsa mmodzi. Awiri okwanira kutsegula anali m'chipinda chimenecho. Khadi lija linali m'buku langa la mapemphero zaka zonsezi. Sindinyadira zimene ndinachita, koma ndinalitulutsa.

"Aphunzitsi, tatsala awiri."

A Makwinja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anapuma mozama, anakhala pansi, n'kutsegula laputopu. Analemba mbali yawo, ndinalemba yanga. Analemba nambala ya pakhadi. Panatuluka mizere yambiri ya zilembo zosokonekera, yodzaza galasi lonse, ndipo pansi pake mawu ochepa akuti kiyi wa tsamba limeneli kulibe.

"Mwalakwitsa polemba," ndinatero.

"Iyayi, a Fabiano. Kiyi wake tinamupha. Ine ndi mayi aja."

"Liti?"

"Mawa lake la tsiku limene munagwada. Anafika kwathu ndisanasukusule. Mayi Nankhoma anatiphunzitsa kuti awiri angathe kufafaniza kakiyi ka tsamba limodzi, ndipo likatero silidzatsegukanso mpaka kalekale. Sitinachitepo kwa wina aliyense. Ndi lokhali."

"Ankandida chotero?"

A Makwinja anavula magalasi.

"Anati, munthu uja akabweranso n'kugwadanso, ine ndim'tsegulira. Anati usiku wonse chala chimawayabwa. Anati tiyeni tikamuphe kiyiyo ndisanam'pereke Esinati. Anandiuzanso kuti inu Che Kalendala ndiye simungalimbe n'komwe, akakupezani panokha mutsegula." Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Ndipo sananame. Si izi ndakutsegulirani lero?"

"Bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Anandiletsa. Anati bola muzidana ndi iwo kusiyana n'kuti muzikayikira mkazi wanu kuti anasiya zoopsa zofunika kuotcha. Anati mwina n'zazing'ono, mwina n'zazikulu, koma si zathu."

Ndinakhala pabenchi ya odwala. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkayesa kuti Loweruka lija ndinkayang'ana mwala. Pamene ankatola timiyala paja, chitseko anali atachikhomera kale ndi misomali, chifukwa ankadziwa kuti mlonda wake ndi wofooka. Sankakhulupirira eni makompyuta akutali, sankakhulupirira abusa, shehe, a Makwinja kapena ine, ndipo pamndandanda womwewo anadziikapo okha. Zimene zinali patsambalo ankazidziwabe, popeza analemba ndi chala chawo, ndipo ankakumana nane mwezi uliwonse ali nazo m'mutu. Pakamwa anapadalira. Chimene anachiopa ndi tsiku limene ndingaimirire kumbuyo kwawo n'kuwerenga ndekha, iwo atangotembenuza nkhope.

Lachisanu ndinafunsa Mayi Nankhoma ngati mawu a Esinati akadalipo. Anati alipo, m'makompyuta aja akutali, mwinanso m'malo awiri kapena atatu, chilembo chilichonse chili pamalo pake. Koma padziko lonse palibe munthu kapena makina amene angawabweze. Ndinafunsanso ngati kuchuluka kwa mizere ija kukusonyeza kuti analankhula zambiri. Anati zikhoza kutero, koma sizinena kuti analankhula zotani. Nthawi zina ndimaganiza za mizere imeneyo, ili m'nyumba yozizira m'dziko limene sindidzafikako. Mkazi wanga, amene kunyumba ankangoti zili bwino, anapeza pokhala pansi n'kulankhula mpaka kudzaza galasi.

Sabata yatha ndinapita ku ofesi tsiku lopanda odwala. Mayi amene analowa m'malo mwa Abiti Sumani amagwira ntchito bwino, koma amakhala pampando wapulasitiki umene anabwera nawo. Mpando wa Abiti Sumani, wa matabwa wolukidwa ndi mphira za matayala, anaukankhira pakona, ndipo mphirazo zikadali zolowa pakati. Mkeka umene ankaswalira uli chopinda pamwamba pa kabati. Birika lawo la madzi osambira m'manja lili pansi pa zenera, louma, ndipo mavu ayamba kumanga pamlomo pake. Pamsomali wa kuseri kwa chitseko pali ambulera yothyoka nthiti imodzi, imene ana awo anaiwala kutenga ndipo ife sitinawakumbutse. Ndinatsegula zenera kuti mulowe mphepo, ndinakhala pang'ono, ndinatsekanso.

Nyumba ija sinabwerere kwa ine. Mwana wanga wamng'ono anakula ndikumuona mwa apo ndi apo, ndipo zimene Esinati ananena sindidzazidziwa. Abiti Sumani, pamodzi ndi a Makwinja, ndinawakhululukira.